Che Lajabu ndi Chitseko cha Mlendo

Sabata yatha tinadya sadaka ya Che Lajabu, chaka chitakwana chiwaikireni m'manda. Mpunga unachuluka moti nkhuku za kwa Mponda mpaka lero zikaona madeya zikuyang'ana kumbali. Wallahi. Wokayika apite akazione nkhukuzo. Koma chandigwiritsa cholembera si mpunga ayi. Pa sadakapo panabwera anthu amene Che Lajabu sanawaonepo ndi maso, ena a ku Lilongwe, ena otsika kumene basi ya ku Joni, aliyense akulira ngati mdzukulu woyamba. Ukawafunsa kuti malemuwa munawadziwira kuti, onse ankapisa m'thumba n'kutulutsa foni.

Ine ntchito yanga ndi yometa. Kanyumba kanga kagundana khoma ndi ka Che Lajabu, ndipo khomalo ndi lopyapyala moti iwo akayetsemula, wotemeka ankakhala kasitomala wanga. Zimene ndikulembazi zina ndinaona ndi maso, zina ndinamvera pakhomapo.

Che Lajabu sanalotepo zokhala ndi myuziyamu. Anali telala wa pakhonde, pafupi ndi pokwerera basi. Munthu akatsika ndi katundu womulemera, ankaunguza nkhope yoti singabe, ndipo nkhope yotero m'tauni yonse inalipo imodzi. "Ndisungireni kaye, ndikubwera." Ena ankabweradi. Ena mpaka lero akubwerabe.

Katundu wa akubwerabewo ndi amene anadzaza chipinda cha kuseri kwa makina osokera. Munali nkhafi, nyali za asodzi a usipa, simbi ya makala, ng'oma, mtondo, masutikesi a malata, ndi wayilesi yaikulu yoti mwana akhoza kubisalamo. Munalinso mwendo wamtengo. Mwini wake anachoka bwanji sindikudziwa, koma Che Lajabu ankati anachoka mofulumira.

Pa zonsezi sanagulitsepo ngakhale batani, ndipo sanagwiritsepo ntchito kanthu. Ine ndi maso angawa ndinawaona akuchokera ku mzikiti mvula ikuwatsanukira, mkanjo utamata pathupi, chonsecho kuseri kwa makina kuli mulu wa maambulera a eni ake. Ankati chosungitsa chili ngati mwana wa mnzako: umamusambitsa, umamufunditsa, koma sumutcha dzina lako.

Mantha awo anali amodzi, ndipo sankabisa. Kwathu kuno jeneza lonyamulira maliro lisananyamuke, ashehe amaimirira n'kufunsa khamu ngati alipo amene ali ndi kanthu kake kwa malemu. Che Lajabu ankati tsiku lawo ashehe akadzafunsa funso limeneli, theka la Mangochi lidzakweza mkono, ndipo iwo adzalowa m'manda atasenza wayilesi ya munthu. Ankanena uku akuseka, koma phazi linkaima pa makina. Ndipo maso ankapita pa chitseko.

Chitsekocho chinatsamira khoma la mkati, chamlombwa, chakuda ndi utsi, chopanda nyumba. Anthu ena ankaganiza kuti kuseri kwake kuli chipinda cha golide. Che Lajabu akamadutsa pamenepo ankati "odi," n'kudikira pang'ono, kenako n'kupitirira. Palibe amene ankaloledwa kuchitembenuza.

Nkhani yake inali iyi. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, anthu akukhamukira kuno kudzera ku Chiponde, tsiku lina masana pakhonde panafika bambo wina wowonda, mapazi otupa, atasenza chitseko pamutu. Ena ankathawa ndi mbuzi, ena ndi mphasa, iyeyu chitseko. Anachitula, n'kupempha m'Chiyao kuti amusungire mpaka akapeze pomanga. Che Lajabu anamupatsa mpando n'kulowa kukamuthirira tiyi, chifukwa mlendo wanjala safunsidwa dzina asanaike kanthu pakamwa. Potuluka ndi kapu anapeza mpando uli wokha. Lole yotengera othawa nkhondo ku kampu inali itaimba huta, ndipo munthuyo anathamangira ana ake. Tiyi anazizira m'manja. Dzina silinafunsidwe.

Che Lajabu ankati enawo angathe kuwafotokozera Mulungu, poti anachita kuiwala okha katundu wawo. Koma uyu sanaiwale. Munthu wosenza chitseko kudutsa mapiri saiwala chitseko.

Amene anasandutsa chipindacho myuziyamu ndi Madamu Nambewe, mphunzitsi wa ku Dedza amene boma linamutumiza kuno kuti adzaphunzire thukuta. Anabwera kudzasoketsa diresi, anasuzumira kuseri, ndipo diresiyo anaiiwala. Ilipo mpaka lero, yapachikidwa pafupi ndi mashelefu. Sabata yotsatira anabwera ndi ana a sukulu, mwezi wotsatira anakhoma thabwa lolembedwa kuti Nyumba ya Zakale. Che Lajabu analola chifukwa anawo ankapukuta fumbi. Powaonetsa zinthu sankanena zaka zake. Ankanena kuti mwini wa nkhafi iyi anali ndi mpata m'mano ndipo ankanunkha utaka wowamba, mwini wa simbi iyi anali paulendo wokafunsira mbeta ndipo zikuoneka kuti anamulola.

Koma kupatula ana a sukulu, alendo a myuziyamuyo anali mbuzi. Ndipomwe Madamu anatsegula tsamba pa masamba a mchezo a pa foni. Anajambula nyali ya asodzi n'kuiponya pamenepo, ndipo pofika mawa lake anthu anali atalembapo ndemanga. Anawawerengera Che Lajabu mokondwa. Nkhalamba inamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti anthuwo awalonjera kale kapena ayi.

"Agogo, pamenepa sitilonjerana. Munthu amangolemba n'kumapita."

"Wafika pakhomo panga, walankhula, inu n'kungomuyang'ana? Ku Dedza mumatero?"

Kuyambira tsiku limenelo aliyense wolemba pa tsambalo ankalandira moni wake wa pakamwa. Che Lajabu ankayamba asamba, kuvala mkanjo woyera ndi chisoti, kudzola mafuta onunkhira, kenako n'kukhala tsonga Madamu atawagwirira foni pakamwa. Madamu anawauza kangapo kuti akujambula mawu okha, fungo silipita. Iwo ankati za fungo asiyireni Mulungu. Moniwo unkayambira pa munthuyo, n'kupita kwa ana, kwa apongozi, ku mvula ya kumeneko, ndi mtengo wa nsomba. Wina anangoika chithunzi cha chala chachikulu osalemba kanthu. Che Lajabu anachiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti thupi lonse latsala kuti. Analonjera chalacho, n'kuchituma kuti chikapereke moni kwa mkono. Mwini chalacho anali pa sadaka sabata yatha. Ndi munthu wathunthu ndithu, amagwira ntchito ya unamwino.

Mawu amenewa anthu anayamba kutumizirana m'magulu a pa foni. Anyamata a ku Joni, amene papita zaka asanafunsidwe ndi munthu wamkulu kuti adzuka bwanji, ankalemba dala chilichonse kuti alonjeredwe. Bandulo ya Madamu inkatha ngati madzi a m'dengu. Koma alendo anayamba kufika ndi miyendo yawo, ena kudzaona ng'oma, ambiri kudzaona mwini mawuwo.

Mkangano unabwera ndi wayilesi. Mnyamata wina wa ku Joni ataona chithunzi chake analemba kuti ikufanana ndi ya amalume ake a ku Katuli, imene banja lonse linkakhulupirira kuti anaimwera mowa. Che Lajabu anamufunsa chimene chili pansi pake. Anayankha kuti mwendo umodzi ndi chitsekerero cha botolo. Anaitembenuza, chitsekerero chija chili pompo. Sabata isanathe wayilesi inakwera njinga kupita ku Katuli, ndipo amalumewo, amene anamwalira akutchedwa chidakwa, anayeretsedwa ali m'manda.

Nkhalamba inazindikira pomwepo ntchito ya foni. Madamu anatsegula tsamba kuti anthu azilowa. Che Lajabu anaona kuti ndi khomo loti katundu azitulukira. Inapita nkhafi. Inapita simbi, anadzatenga ndi mwana wa mbeta ija. Mashelefu anayamba kuoneka nthiti.

Tsiku limene inanyamuka ng'oma, Madamu anapsa mtima, ndipo khoma langa linanjenjemera.

"Agogo, myuziyamu padziko lonse imasonkhanitsa zinthu. Yanuyi yokha ndi imene ikumwaza! Ana anga adzaona chiyani? Ng'oma imeneyi ikukakhala pa khola la nkhuku, chiswe chikaidye."

"Chikadye ya mwini wake."

"Ndiye ine ndavutikiranji?"

"Mwanangu, inu mukufuna ana aone ng'oma. Ine ndikufuna ndikagone chopepuka. M'manda mwanga mudzalowamo inu kukandiyankhira?"

Madamu sanali wolakwa, ndipo nkhalamba inkadziwa. Anakhala osalankhulana kwa kanthawi, uthenga ukudzera mwa ine. Ndinkameta munthu mbali imodzi, n'kutuluka kukanena kuti Madamu akuti foni yatha moto, n'kubwerera ndi yankho lakuti agogo akuti moto wathera mwini foni. Anadzagwirizana chonchi: chinthu chisanatuluke, mwini wake azikhala pampando, achigwire, afotokoze nkhani yake Madamu akujambula vidiyo. Chinthu chizipita, nkhani izitsala pa tsamba. Ana a sukulu anayamba kuonera anthu akuluakulu akulirira simbi, ndipo Madamu anavomera yekha kuti phunziro limenelo bolodi silikanatha.

Lamulo limodzi Che Lajabu sanasunthe nalo: chinthu sachijambula mbali zonse. Ankati mbuzi yosokera sulengeza mawanga ake onse, umasiyako limodzi loti mwini wake adzatchule. Chitseko chinajambulidwa kumaso kokha. Madamu anachonderera kuti mwina kuseriko ndi kumene kuli chozindikiritsa. Iwo anati n'chifukwa chake.

Eni chitseko anapezeka ambiri. Ndikanena kuti aliyense wa m'boma lino amene nyumba yake imatsekedwa ndi chiguduli analemba kuti ndi cha agogo ake, mudzati ndawonjeza, koma ndachotserako. Onse ankalonjeredwa bwinobwino, mpaka apongozi, kenako funso: kuseri kuli chiyani? Wina anati msomali. Wina anati kalendala. Wina, wochenjera, anati khoma. Ameneyo Che Lajabu anamuyamikira nzeru n'kumutsanzika mwaulemu.

Nthawi inapita. Miyendo ya nkhalamba inayamba kutupa, makina anasiya kulira, ndipo "odi" wa pachitseko uja anayamba kutalika. Tsiku lina anasamba, anavala mkanjo wa pa Idi, n'kuuza Madamu kuti lero salonjera munthu, akufuna kulankhula yekha. Analankhula m'Chiyao, kenako m'Chichewa. Anafotokoza za bambo wa mapazi otupa, za lole, za tiyi amene sanamwedwe. Anamaliza ndi kunena kuti wosunga watopa, ndipo akupempha aliyense wakumva kuti awapititse mawuwa kumene dzuwa limatulukira.

Anyamata a njinga zamoto a ku Chiponde ndi amene anawolotsa mawuwo. Ankawaseweretsa kwa makasitomala ali pa liwiro, ankatumizira anzawo a tsidya linalo, ndipo mawu a Che Lajabu analowa m'Mozambiki opanda chiphaso, n'kuyenda midzi imene ngakhale mwini wake sankaidziwa.

Yankho linafika Lachisanu m'mawa, Che Lajabu ali pampando wanga, ndikuwameta mpala wa ku mzikiti. Ndinali nditamaliza mbali ya kumanja. Madamu analowa opanda odi, choko chili m'manja, atasiya kalasi pakati. Anaika foni pa shelefu pakati pa zipeso. Munatuluka mawu a mayi wachikulire, Chiyao cha tsidya lija, cholankhula pang'onopang'ono. Anayamba ndi moni, wautali bwino, mpaka nkhalamba inagwedeza mutu kuti uyu analeredwa. Kenako anati chitseko chimenecho masana sichinkakhala chitseko. Bambo ake ankachizula m'mawa, kuchigoneka pansi pa mtengo wa mango, n'kumasewerapo bawo ndi anzawo, chifukwa kuseri kwake anasemako maenje a bawo. Ana ankadikira masewera athe kuti nyumba itsekedwe. Dzenje lina la pakona linabooka, ndipo bambowo anamatapo phula la njuchi.

Che Lajabu anadzuka ndi nsalu yanga m'khosi, mutu mbali imodzi ukuwala, mbali inayo tchire. Munthu amene m'mawa womwewo ndinachita kumukweza pampando anafika pa chitseko ine ndisanatule lezala. Anatiuza kuti titembenuze. Akangaude a kuseriko anali atakhalako mibadwo yambiri moti anali ndi mfumu yawo, ndipo anatuluka mwadongosolo. Titapukuta, maenje aja anaoneka m'mizere yake. Pakona panali phula, lakuda, louma gwa. Nkhalamba inaikapo chala. Tsiku limenelo inapita ku mzikiti ndi theka la mutu, ndipo palibe anaseka, poti chisoti chinabisa nkhani.

Mayiwo anafika patapita masiku, pa njinga yamoto, fumbi la ku Chiponde lili mpaka m'nsidze. Pakhonde panadzaza anthu, mafoni m'mwamba ngati akuombera mwezi. Madamu anafuna kuyamba mafunso, koma Che Lajabu anakweza dzanja. Anawapatsa mayiwo mpando, womwe uja. Analowa okha m'nyumba, akukoka miyendo, anakana wowathandiza. Anatuluka ndi kapu ya tiyi pa sosala, n'kuima pomwepo osachotsa maso pampando, kuopa kuti lole ingabwerenso. Mayiwo anamwa mpaka pansi. Atatula kapu, ndipomwe nkhalamba inafunsa.

"Tsopano, amayi, bambo anu dzina lawo anali ndani?"

"Che Musa."

"Che Musa," anabwereza. Anatembenukira ku chitseko n'kunenanso kachiwiri, motsitsa, ngati akuitana munthu amene ali m'nyumba.

Mayiwo, Abiti Musa, anafotokoza kuti iwo anali kamtsikana pa lole ija. Bambo awo sanatuluke m'kampu, anadwala chaka chomwecho. Mpaka kumapeto ankanena kuti chitseko chili kwa telala wa pafupi ndi mtsinje waukulu, munthu wabwino, anakandithirira tiyi. Nawonso dzina sanafunse. Nkhondo itatha banja linabwerera kwawo, ndipo matelala a pafupi ndi mitsinje ikuluikulu padziko pano ndi ambiri.

Chitseko chisananyamuke anachigoneka pakhonde. Njere za bawo panalibe, ndiye Che Lajabu anakhuthula chitini cha mabatani. Anasewera awiriwo, nkhalamba ndi mwana wa mlendo wake, ndipo mayiwo anawadya Che Lajabu mopanda chisoni, moti anatsala ndi batani limodzi la malaya a mwana. Iwo anati awalekerera dala poti ndi alendo. Vidiyo ilipo pa tsamba, mukaone nokha nkhope ya munthu wolekerera dala. Kenako anachimanga chopingasa pa njinga yamoto, ndipo chinadutsa m'tauni chikukwapula zikwangwani mbali zonse ziwiri, kubwerera njira imene chinadzera pamutu.

Zotsala, kuphatikizapo mwendo wamtengo, Che Lajabu anazipereka m'manja mwa Madamu pamaso pa ashehe ndi mboni, kuti kuyambira tsiku limenelo wosunga ndi Madamuwo. Madamu analandira akulira. Anali atapeza myuziyamu imene ankaifuna, pamodzi ndi lamulo loti aziimwaza.

Mvula isanagwe tinawanyamula Che Lajabu kupita kumanda. Jeneza lili pabwalo, ashehe anaimirira n'kufunsa funso lija. Khamu linali lalikulu moti a kumbuyo anamva funsolo mawa lake. Ine ndinayendetsa maso paliponse kufuna munthu wa mwendo umodzi. Sanaoneke. Ashehe anafunsanso. Palibe mkono unakwera. Amene tinasenza jenezalo tikhoza kulumbira pamaso pa aliyense kuti linali lopepuka ngati mulibe munthu.

Nyumba ya Zakale ikadalipo. Madamu amatsegula akaweruka, ndipo amalonjera aliyense wolemba pa tsamba, ngakhale moni wake amathera pa ana, safika kwa apongozi. Mashelefu ambiri ndi opanda kanthu, mwangotsala mabwalo a fumbi osonyeza pamene panakhala simbi, pamene panakhala wayilesi. Pakhoma la mkati pali malo oyera, a msinkhu wa chitseko, pamene utsi ndi dzuwa sizinafike. Alendo amajambulitsa pamenepo kuposa pa chinthu china chilichonse, ndipo ana a sukulu akamadutsa amati "odi" osadziwa amene anawaphunzitsa. Madamu anagula penti kuti apake. Chitinicho chili pa shelefu, chosatsegula, pafupi ndi diresi yake.

Pakhonde makina anavundikiridwa ndi chitenje. Khoma langa lili chete, ndipo makasitomala anga akutuluka ndi mitu yosatemeka, mpaka ena akudandaula kuti ndasintha kametedwe. Mpando uja suli pamalo pake. Uli kwanga, pakona, kuseri kwa galasi. Tsiku limene ankakwera galimoto kupita ku chipatala, Che Lajabu anaukoka okha mpaka pakhomo panga, n'kundiyang'ana nkhope ili gwa, osaseka ngakhale pang'ono.

"Ndisungireni kaye. Ndikubwera."

Kometera kukadzaza, anthu amaima. Pampandopo sipakhala munthu.